Muvi usanayake musasunthe: kudutsa pamphambano ya single-point mutazolowera msewu wa kuchigwa

Msewu wa M1 ukatsika mapiri a Thabwa n'kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, umamuphunzitsa dalaivala luso lakelake. Kuyambira pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje, munthu amayendetsa akuwerenga zamoyo: wakabaza amene akugwedera ndi matumba awiri a makala, ng'ombe imene yatukula mutu m'mphepete mwa tala, ngolo yopanda nyali chakumadzulo, lole ya nzimbe imene ikutuluka m'munda. Timakambirana ndi dzanja ndi hutala, ndipo mpata ukangooneka timalowa. Luso limeneli silonyozeka, lapulumutsa anthu ambiri. Koma ilipo mphambano ina kunja uko imene luso lomweli likhoza kukuphetsani, chifukwa pamenepo mpata umene maso anu akuuona si wanu.

Mphambanoyi pachizungu amaitcha single-point urban interchange, mwachidule SPUI. Kuchigwa kuno kulibe, ndipo ambirife ngakhale loboti wamba timakaionera ku Blantyre. Koma achimwene athu ambiri amakwera mathiraki kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge mpaka ku Joni, ena ali komweko akuyendetsa magalimoto operekera katundu. Amenewo tsiku lina amangozindukira ali pansi pa mlatho waukulu, phula lili mbee ngati bwalo la mpira, maloboti ali ponseponse, kumbuyo wina akuliza hutala.

Mmene anaimangira

Yoyamba ya mtunduwu inatsegulidwa mu 1974 ku Clearwater, m'chigawo cha Florida ku America, pamene msewu wa US 19 umakumana ndi State Road 60. Anaijambula ndi injiniya wina dzina lake Wallace Hawkes. Vuto limene ankafuna kuthetsa linali la malo: m'tauni nthaka ndi yodula, sungamange misewu yozungulira ikuluikulu, komanso kuika maloboti awiri oyandikana, ina tsidya lino la mlatho ina tsidya linalo, kumachititsa kuti magalimoto adzazane pakati. Choncho anakoka timisewu tonse tinayi, tiwiri totulukira mu freeway (msewu waukulu wa magalimoto othamanga) ndi tiwiri tolowera, n'kutikumanitsa pamalo amodzi, pansi kapena pamwamba pa mlatho. Malo amenewo ine ndiziwatcha pamchombo. Magalimoto a mu freeway amangodutsa osaima. Ena onse amalamulidwa ndi gulu limodzi la maloboti.

Chenjezo kwa amene amaonera mavidiyo a pa YouTube: ambiri anajambulidwa ku America, kumene amayenda kumanja kwa msewu. Ife ndi anzathu a ku Mozambique, Zimbabwe, Zambia ndi South Africa timayenda kumanzere. Zimene akunena za kukhota kumanzere, kwa ife ndi za kukhota kumanja. Zonse zili m'munsimu ndazilemba mwa mayendedwe athu a kumanzere.

Kawirikawiri maloboti a pamchombo amasinthana magawo atatu. Gawo lina ndi la opita molunjika mumsewu wa m'tauni umene wapingasa freeway, mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Lina ndi la ochoka mumsewu wa m'tauniwo kukhotera kumanja kuti akalowe mu freeway, nawonso mbali zonse ziwiri. Lachitatu ndi la otuluka mu freeway amene akukhotera kumanja. Okhotera kumanzere safika n'komwe pamchombo: amapatuka pakamsewu kawokawo kuseri kwa kachilumba ka simenti.

Mukamvetsa magawo atatuwa mwamvetsa chifukwa chimene kudikira kumatalikira. Pa magawo atatu, awiri si anu. Ndipo pakati pa gawo ndi gawo pamakhala masekondi angapo pamene maloboti onse ali ofiira, bwalo lonse lili zii. Amatero dala, kuti amene analowa momalizira atulukemo. Dalaivala wozolowera kwathu akaona bwalo lopanda kanthu mwendo umamuyabwa. Mpata umenewo ndi wa munthu amene simukumuona, amene akubwera kuchokera kuseri kwa chipilala cha mlatho, kapena wa gulu limene muvi wawo wa pa loboti wangoyaka kumene.

Kutuluka mu freeway

Ngozi zina za pamchombo zimayambira kutali, munthu akadali mu freeway. Ku South Africa zikwangwani za mu freeway ndi za buluu, ndipo mukamayandikira potulukira pamakhala tizikwangwani ta mizere itatu, iwiri, kenaka umodzi, kutanthauza kuti kwatsala mamita 300, 200 ndi 100. Pofika pa mizere itatu muyenera kukhala muli kale muleni ya kumanzere, indiketa ikuphethira, ndiponso mukudziwa ngati kumapeto kwa kamsewuko mukhotere kumanja kapena kumanzere. Liwiro musalidulire mu freeway mwenimweni, mungagundidwe kumbuyo. Lidulireni mutalowa mukamsewu kotulukira.

Apa thupi limanama. Munthu amene wayenda ola lathunthu pa liwiro la makilomita 120 pa ola akatsika kufika pa 80 amamva ngati akukwawa. Yang'anani sipidomita, musadalire mmene mukumvera. Masamu ake ndi awa. Pa 60, galimoto imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi. Diso likaona chinthu, mwendo umatenga sekondi ndi theka kuti ufike pa buleki, ndipo pamenepo mwayenda kale mamita 25. Mabulekiwo pa phula louma amafuna ena 20. Onse pamodzi ndi 45. Pa 80 mtunda womwewo umafika pafupifupi mamita 70, ndipo ndikunena galimoto yaing'ono ya matayala abwino. Thiraki yodzaza imafuna woposa pamenepo. Kamsewu kotulukira nthawi zambiri kamapindika kapena kutsetsereka, ndiye mchira wa mzere wa magalimoto odikira loboti mumauona mochedwa. Amene anatsikapo Thabwa ndi katundu akudziwa kale mankhwala ake: giya yotsika msanga, buleki pang'onopang'ono, osati kudikira kuti mudzaponde kamodzi kumapeto.

Chakumapeto kamsewuko kamagawikana pawiri ngati phanda la legeni. Nthambi ya kumanzere ndi ya okhotera kumanzere, ya kumanja ikupita pamchombo. Mukadutsa mphuno ya kachilumbako, mwasankha basi. Musakwere simenti, musabwerere cham'mbuyo. Dziwaninso kuti pa mphambano zambiri za mtunduwu kulibe njira yowoloka molunjika kuchoka mukamsewu kotulukira kupita mukolowera ka tsidya linalo. Ngati mwatuluka molakwitsa, khotani monga mmene leni yanu ikunenera, mukatembenukire pamalo ololedwa kutsogolo, mubwerere. Mutayapo mphindi zisanu.

Kukhotera kumanja, pamene pagona nkhani

Imani kumbuyo kwa mzere woyera, osati pamwamba pake. Mzerewo anauika patali ndi pamchombo kuti mathirela a okhota ena apeze podutsa. Mukaupitirira ndi mamita awiri okha, mphuno ya galimoto yanu ili m'njira ya matayala a kumbuyo a thiraki, ndipo mwina loboti yanu yatsala pamwamba pa denga, simukuionanso.

Mutaima, pezani loboti yanu. Muona nyali zambiri: zina zapachikidwa pamlatho, zina pamitengo yachitsulo m'tizilumba, zina zikuonekera chammbali koma ndi za anthu ena. Yanu ndi imene yayang'anizana ndi leni yanu ndipo ili ndi muvi woloza kumanja. Ku South Africa muvi wobiriwira wokhotera nthawi zambiri umachita kuphethira, choncho musaganize kuti wawonongeka. Nyali yobiriwira ikayakira a muleni yoyandikana nanu amene akupita molunjika, n'kuyamba kuyenda, inu khalani. Ambiri amalakwa apa: mnzawo wa pambali akasuntha, mwendo umachoka wokha pa buleki.

Pa maloboti wamba a mu Blantyre tinazolowera kuti nyali ikabiriwira timasendera pakati, n'kudikira pomwepo kuti obwera kutsogolo athe. Chizolowezi chimenecho chisiyeni kunyumba. Pamchombo palibe malo odikirira. Mukaima pakati, gawo lotsatira likayamba mupezeka muli m'njira ya maleni awiri a magalimoto amene akubwera mothamanga, akudziwa kuti njira ndi yawo. Chimodzimodzi ngati kutsidya kumene mukupita kwadzaza: ngakhale muvi uli wobiriwira, musalowe mpaka mutaona malo okwana galimoto yanu yonse kutsidyako.

Muvi ukayaka, werengani kamodzi, kawiri, mukuponya maso kumanja ndi kumanzere, chifukwa wochedwa kutuluka amakhalapo nthawi zonse. Kenaka nyamukani mosazengereza, mukutsata timizere toyera todukaduka timene tajambulidwa pansi. Timizereti ndi njanji yanu. Timapindika pang'onopang'ono, motalika, osati mwa ngodya ngati pokhotera ku boma pa Dyeratu. Maso aziyang'ana kumene timizereto tikuthera, osati pa boneti. Ngati okhota muli m'maleni awiri, amene wayambira muleni ya mkati athere muleni ya mkati, wa kunja athere kunja. Kusintha leni pakati pa bwalo ndiko kumabweretsa kukhulana nthiti kumene kumachitikachitika pamalowa.

Tsopano chinthu chimene chimazunguza mutu ngakhale madalaivala akale. Chiyambire kuyendetsa, galimoto yobwera kutsogolo imakudutsani kudzanja lamanja, mbali imene mwakhala inuyo. Pamchombo sizitero. Inu mukukhotera kumanja, a tsidya linalo akukhoteranso kumanja kwawo nthawi yomweyo, ndipo njira zanu sizipingasana: aliyense amakhota asanafike pakati penipeni. Zotsatira zake, amakudutsani kumanzere, mbali ya wokwera. Masana zimangodabwitsa. Usiku zimaopsa, chifukwa mumaona nyali zinayi kapena zisanu ndi imodzi zikubwera kudzanja limene nyali sizinabwerepo, ndipo mtima umakuuzani kuti mwalowa mbali yolakwika, bwererani kumanzere. Mukamvera mtimawo n'kukokera chiwongolero kumanzere, mwakalowa m'kamwa mwawo. Gwirani chiwongolero mmene chilili, tsatani timizere, asiyeni adutse. Ndi mmene anaikonzera.

Pomaliza kukhota pali msampha wina. Ngati mwatuluka mu freeway ndipo mukulowa mumsewu wa m'tauni, kachilumba kogawa msewuwo pakati kayenera kutsala kudzanja lanu lamanja. Mukakhota mofupikitsa, mupezeka mwayang'anizana maso ndi maso ndi magalimoto amene aima pa loboti yawo.

Ngati mukuchoka m'tauni kukalowa mu freeway, msamphawo ndi woopsa kuposa apa. Mutaima pamzere n'kuyang'ana kumanja, khomo loyamba limene mukuliona, lapafupi, si lanu. Limenelo ndi kamsewu kotulukira, kobweretsa magalimoto kuchokera mu freeway. Lanu ndi lachiwiri, la kutsidya. Nthawi imene muvi wanu wayaka, a mukamsewu kotulukirako aima pa loboti yofiira, ndipo pakati pa usiku mwina mulibe ndi mmodzi yemwe, ndiye khomolo limaoneka lotseguka bwinobwino. Zizindikiro zake ndi izi: chikwangwani chofiira chozungulira cha mzere woyera pakati, mivi ya pansi yoloza kwa inu, mzere woimira wopingasa pakhomo, ndi zikwangwani zimene mukuzionera kumsana. Mukaona chimodzi mwa zimenezi mutalowa kale, imani pomwepo chakumphepete, yatsani mahazadi, ndipo musapitirire n'cholinga chokafuna potembenukira. Kutsogoloko mukukakumana ndi anthu amene akutuluka pa liwiro la mu freeway.

Muvi wachikasu ndi kutalika kwa bwalo

Pamphambano wamba, kuchoka pamzere woimira kufika kutsidya ndi mamita ochepa, ndipo amene wathamangira nyali yachikasu nthawi zambiri amapulumuka. Pamchombo mtundawo ndi wautali kwambiri. Tiyerekeze kuti ndi mamita 70. Galimoto yaing'ono pa 40 imayenda mamita 11 pa sekondi, ndiye ifuna masekondi oposa 6. Tsopano tengani thiraki ya mathirela awiri, imene ku South Africa imaloledwa kutalika mpaka mamita 22 ndi kulemera mpaka matani 56. Kuti mchira wake utuluke iyenera kuyenda mamita 92, ndipo ngati ikukhota pa 20 imatenga masekondi 16 kapena 17. Nyali yachikasu imakhala masekondi atatu kapena asanu basi. Ngakhale muwonjezere kanthawi kaja ka maloboti onse ofiira, thiraki imene yalowa muvi utasanduka kale wachikasu idzakhala ikadali yopingasa pamene ena akuuzidwa kuti nyamukani.

Ndiye lamulo langa ndi louma: muvi ukasanduka wachikasu musanadutse mzere, ndipo mukhoza kuima osachita kukwekweresa matayala, imani. Ngati mwadutsa kale mzere, musaime pakati ndipo musachite mantha, malizani kukhota pa liwiro lomwelo. Choipitsitsa ndi kukayikakayika, kuponda buleki, kusiya, kupatsanso moto. Wa kumbuyo sadziwa chimene mukuganiza.

Wa galimoto yaing'ono amene ali kumbuyo kwa thiraki kapena basi asamangoitsatira ngati mwana wa nkhuku. Thirakiyo yakubisirani loboti, ndipo mwina yalowa pa sekondi yomaliza. Siyani mpata mpaka muone muviwo ndi maso anu.

Mathiraki pambali pa magalimoto ang'ono

Ubwino umodzi wa mphambanoyi ndi woti makhotedwe ake ndi otakasuka, thiraki siivutika ngati pa ngodya za m'tauni. Koma thirela ndi thirela: matayala a kumbuyo sadutsa mmene adutsa a kutsogolo, amadula njira chamkati. Pokhotera kumanja amadulira kumanja. Chifukwa chake ngati maleni okhotera kumanja ali awiri, wa thiraki atenge ya kunja, ya kumanzere. Akatero amakhala ndi malo otambasulira mutu, ndipo thirela ikamasendera mkati amaiona pagalasi la mbali yake. Akatenga ya mkati amakakamizika kutulutsa mutu kumanzere, mbali imene saona bwino, kumene mwina kuli kagalimoto kapena njinga yamoto.

Inu a galimoto yaing'ono, musayende nthiti ndi nthiti ndi thirela pokhota. Khalani patsogolo pake ndithu, kapena itsalireni m'mbuyo. Malo a pakati pa mutu wa thiraki ndi matayala a kumbuyo amaoneka otakasuka poyamba, koma amatsekeka ngati lumo kukhota kukamapitirira.

Kutakasuka komweko kumanyenga wa thiraki kuti apatse moto. Katundu wosanjikizana m'mwamba, monga mabelo a thonje kapena matumba a shuga, ndiponso thanki ya mafuta yosadzaza imene mafuta ake amakhavukira mbali imodzi, zimagubuduza thiraki pa liwiro limene mutu wake ukumva kuti zonse zili bwino. Sankhani giya musanayambe kukhota, mukhale nayo mpaka thirela itawongoka.

Kukhotera kumanzere

Uku kumaoneka kophweka, ndipo n'chifukwa chake anthu amagundana kwambiri kumbuyo pamenepa. Pena pamakhala loboti, koma kawirikawiri pamangokhala chikwangwani cha makona atatu choloza pansi, chokuuzani kuti mupatse mpata ena. Zimachitika motere. Magalimoto awiri atsatana. Wa kutsogolo wasuntha pang'ono, kenaka waona china chake n'kuima. Wa kumbuyo ataona kuti mnzake wasuntha anatembenuza kale khosi kuyang'ana kumanja, waona mpata, wapatsa moto. Phwaa! Mankhwala ake ndi osavuta: musayang'ane kumanja mpaka amene ali patsogolo panu atapitadi. Iyeyo ndiye woyamba kumuyang'anira.

Ikafika nthawi yanu, magawo atatu aja akuthandizani. Mukamatuluka mu freeway n'kukhotera kumanzere, amene angakugundeni ndi magulu awiri: opita molunjika, ndi otuluka mu freeway a tsidya linalo amene akhotera kumanja n'kubwera mumsewu womwewo. Gulu lachiwirili ndi limene limaiwalika, chifukwa limatulukira pansi pa mlatho mopingasa, opita molunjika ataima kale, inu mukuganiza kuti kwayera. Mpata wanu weniweni umabwera pamene a m'tauni akukhotera kumanja kulowa mu freeway, chifukwa pamenepo palibe amene akubwera njira yanu. Musananyamuke ponyaninso diso kumanzere, kumene woyenda pansi angakhale atayamba kuwoloka inu mukuyang'ana kwina.

Kulowa mu freeway kulibe zambiri. Kamsewu kolowera ndi kopatsira moto: fikani pa liwiro la amene ali mkatimo, yatsani indiketa ya kumanja, onani pagalasi, tembenuzani khosi, lowani. Kuima kumapeto kwa kamsewuko ndi kuitana ngozi. Ndipo dziwiranitu mbali imene mukupita musanafike pa loboti. Wobwerera kumudzi kuchokera ku Johannesburg amafuna N1 ya kumpoto, ya ku Pretoria ndi Polokwane. Kuwerenga chikwangwani muli pakati pa bwalo ndi kuchedwa.

Mdima, mvula, ndi magetsi akazima

Pamene mchombo uli pansi pa mlatho, masana mumachoka padzuwa n'kulowa mumthunzi wandiweyani, ndipo maso amatenga kanthawi kuti azolowere. Vulani magalasi akuda musanafike. Zipilala za mlatho zimabisa magalimoto. Mvula yoyamba ikagwa, mafuta amene anadontha pamene magalimoto amaima amayandama, ndipo pamzere woimira pamaterera ngati dothi la makande la kwathu kuno. Madzi akaphimba timizere tija, kapena ngati tinafufutika, tsatirani galimoto ya patsogolo muli patali, maso ali pa tizilumba ndi zikwangwani.

Maloboti akazima, lamulo la ku South Africa ndi loti aliyense aime, ndipo amene anafika poyamba ndiye ayambe. Pamphambano yaing'ono zimayenda bwino chifukwa mumaonana nkhope. Pamchombo mnzanu ali kutali, simungaone dzanja lake, ndipo maleni ndi ambiri. Imani ndithu, onani amene anafika inu musanafike, nyamukani limodzi ndi a muleni yoyandikana nanu amene akupita kofanana ndi inu, ndipo yendani pa liwiro loti mukhoza kuima paliponse. Pakakhala wapolisi kapena wina wovala yunifolomu amene akuwongolera, dzanja lake ndilo loboti.

Njinga ndi oyenda pansi

Kwa ife a kuchigwa, kumene njinga ndi miyendo ya mudzi, apa m'pofunika kunena mosabisa: mphambanoyi sanaimange poganizira wanjinga. Wopalasa pa 15 amayenda mamita anayi pa sekondi, ndiye mamita 70 aja amamutengera masekondi 17. Akalowa nyali yobiriwira ili pafupi kutha, gawo lotsatira limamupeza pakati. Wanjinga alowe pokhapokha nyali yangobiriwira kumene, apo ayi atsike, aikankhe m'njira ya oyenda pansi. Dalaivala naye muvi ukayaka ayembekezere kuti mwina wina akadali m'bwalomo.

Woyenda pansi akhoza kuyenda motsata msewu wa m'tauni n'kumawoloka timisewu tija kamodzikamodzi, akupuma pa tizilumba. Koma kudula msewu wa m'tauniwo pamchombo penipeni nthawi zambiri kulibe gawo lake, popeza m'magawo onse atatu muli magalimoto amene akudutsa pamenepo. Pitani pa loboti yotsatira. Ndipo pa timisewu tokhotera kumanzere kumbukirani kuti dalaivala akuyang'ana kumanja, sakukuonani.

Kuyeserera musananyamuke

Zonsezi zikhoza kulowa m'thupi munthu asanachoke pa Ngabu. Tsegulani Google Maps pa foni, ikani pa zithunzi za m'mlengalenga, pezani mphambano za panjira imene mukadutse, muone ngati timisewu take tikukumana pamodzi pakati. Tsatani ndi chala kuchoka pamzere woimira mpaka pakhomo lanu, ndipo muone khomo limene muyenera kulilumpha.

Kenaka pitani pabwalo la mpira chakumadzulo dzuwa litazizira, mutenge chitini cha phulusa. Lembani msewu umodzi wopingasa bwalo, wogawika pakati, ndipo muike njerwa ziwiri kukhala mphuno za tizilumba. Lembani timisewu tinayi tolowa chapakati ngati chilembo cha X, muike ndodo yopingasa pakhomo la tiwiri totulukira. Mizere yoimira italikirane mamita 60 kapena 70 kuti kutalika kwake kumveke m'miyendo. Anthu awiri akwere njinga, wina uku wina uko, wachitatu aime pambali akhale loboti, azitchula magawo atatu aja mosinthasintha, ndipo pakati pa gawo ndi gawo aziwerenga mpaka kasanu aliyense ali chiimire. Awiriwo akhotere kumanja nthawi imodzi, adutsane phewa lamanzere ndi lamanzere, aliyense alumphe khomo loyamba n'kulowa lachiwiri. Bwerezani kakhumi, kenaka mubwerezenso kutada, aliyense atamangirira tochi pa handulo.